Ulendo wa ku Aberdeen ndi beseni la gadiyani

Foni inalira ndikuyanika tizovala ta mwana pa hita. Nambala yachilendo. Woimbayo, mwamuna, ankayankhula Chizungu chothamanga, cha m'mphuno, ine n'kungotolapo dzina la bambo a Tamanda, Wyson, ndi mawu oti accident. Ndinati "wait, wait," n'kutuluka opanda nsapato, Tamanda ndamukolekera m'chiuno, foni ili m'manja yosadula, liwiro la kwa alamu anga a Jenala, achemwali ake a Wyson, amene amakhala kuseri kwa mseu wathu ku Tyrrelstown. Anali atangoweruka kumene amasamala nkhalamba ku Blanchardstown. Anamvetsera ataimirira, kenako anakhala pansi pamasitepe. Ine maso ali pakamwa pawo.

"Paipi yamumenya mwendo," anatero. "Amutenga pa helikopita, ali m'chipatala ku Aberdeen. Ali moyo, Ene. Wamva? Ali moyo. Kavale nsapato."

Ntchito ya bambo a Tamanda sindinaionepo ndi maso, ndimangoidziwa mmene ankandifotokozera. Ankakwera sitima yaikulu yopita pakati pa nyanja, kutali ndi gombe la Scotland, kumene kuli zitsime za gasi pansi pamadzi. Chitsime chikakalamba gasi amayamba kubwera pang'onopang'ono, ndiye eni ake amaitana sitima yawoyo. Amapopera madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala, mwamphamvu zedi, kutsikira pansi mpaka thanthwe la pansipo ling'ambike. Mchenga uja umatsalira m'ming'alu kuti isatsekekenso, gasi n'kupeza podutsa. Eni ake amati fracking. Ndinawafunsapo kuti bwanji osaigwira konkuno ku Ireland, muzigona kunyumba ngati anzanu, anati kuno boma linaletsa kung'amba nthaka, ndiye ntchito inathawira kutali. Akayamba kupopa sayimba foni. Ndinali nditazolowera kuti kukakhala chete ndiye kuti kuli bwino.

Mawa lake nesi anatiimbira n'kuwapatsa foni bambo a Tamanda. Mawu awo anali ouma, ngati a munthu wina.

"Amake Tamanda."

"Ndili pano."

"Ayesa kulumikiza, zakanika. Akuti phazi lafa. Akufuna adule m'munsi mwa bondo. Akuti ndikachedwa chiphe chikwera m'thupi."

"Ndiye?"

"Ndakana."

A Jenala anandilanda foni. "Wakana chiyani iwe Wyson? Unakhala dokotala liti?"

"Achemwali, kuno kulibe wanga. Munthu amalowa kuthiyeta opanda gadiyani? Ndikapanda kudzuka auza ndani? Abwere Enelesi, auone mwendowu ndi maso ake. Akati dulani, adula."

"Ndikwera ndege ine lero lomwe lino."

"Bwerani. Koma ndati Enelesi."

Ine ndinawamva bwino amuna anga. Kwathu wodwala sagona yekha m'chipatala. Amayi atadwala ndinagonapo pansi pa bedi lawo nyengo yonse ya mvula, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwaphikira phala kukhitchini ya magadiyani, kuthamangira nesi botolo la madzi likatha. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, Chizungu changa n'cha mushopu, koma ntchito imeneyo ndimaidziwa kuposa aliyense. Ndinatulutsa chikwama chachikulu cha mizeremizere n'kuikamo beseni, sopo, zitenje, fulasiki, supuni, mafuta odzola ndi ufa wa phala.

"Beseni la chiyani, mlamu? Kuno amasambitsa manesi."

"Manesiwo si akazi awo."

Anangopukusa mutu.

Vuto linali mapepala. Wyson anabwera kuno kale, ali ndi pasipoti yofiira ya kuno. A Jenala chimodzimodzi, ngakhale Tamanda wa miyezi isanu ali nayo yake. Ine ndili ndi ya Malawi ndi kakhadi kondilola kukhala ku Ireland. Akuti Scotland ndi kwina, kumafunika viza, ndipo viza situluka lero kapena mawa.

"Pandege amafunsa," anatero a Jenala. "Koma tikadzera ku Belfast safunsa. Ndadutsako kangati ine? Umakwera basi, kulowa m'sitima, kutuluka, Glasgow uyu. Palibe ngakhale wokuyang'ana. Amayi a kutchalitchi amapita kokagula zinthu ku Newry mwezi ndi mwezi, wamvapo wina atagwidwa?"

Ndinakhulupirira. Kwathu ndi ku Lizulu, kumene malire ndi mseu basi. Ukadumpha tala uli ku Mozambique, wagula kachewere, wabwerera, palibe wakufunsa dzina. Ndinkaganiza kuti anthu oyandikana ndi mmene amakhalira kulikonse.

Tinanyamuka m'mawa kukuwaza kamvula. Basi yoyamba inatisiya m'tauni, chikwama chikukodwa m'miyendo ya anthu opita kuntchito, beseni likugunda zitsulo, ine "sorry, sorry" njira yonse. Basi ya ku Belfast inali yaitali, yofunda, yonunkhira khofi. Matikiti anagula a Jenala pafoni, ndinawafunsa mtengo, anati funsa za mwamuna wako. Tisanapitirire ndi pabwalo la ndege pomwe, Tamanda anadziipitsira mpaka kumsana. Kachimbudzi ka m'basi n'kothina ngati kabati, basi ikukhota, ine ndagwira mwana ndi dzanja limodzi, linalo likufufuza thewera, chitseko chikutseguka chokha. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, anthu onse akuyang'ana mafoni awo ngati sanamve fungo.

Drogheda ndinangoona mlatho. Titapitirira Dundalk ndinakhala tsonga kudikira malire, ndikusakasaka chipata, mbendera, wapolisi. Mapiri, nkhosa, mseu womwewo.

"Tadutsa," ananong'ona a Jenala.

"Pati?"

"Kumbuyoko. Waona? Ndinakuuza chiyani?"

Nthawi yomweyo foni yanga inalira uthenga. Ndinaigwetsa pansi ndi mantha, ndinadziwa kuti ndi achipatala, kuti zachitika. A Jenala anaitola n'kuwerenga. Anali a kampani ya foni, akuti takulandirani m'dziko lina. Ndinaseka, kusekako kunasanduka kulira, mayi wachikulire wachizungu amene anakhala mbali inayo anandipatsa kathishu osafunsa kanthu.

Titangopitirira Newry basi inaima. Kutsogolo magalimoto ndondondo mpaka kosaoneka, nyali zofiira zokhazokha. Dalaivala anayankhula pachimkuzamawu, a Jenala anamasulira kuti thiraki yagwa yatseka mseu. Tinayenda pang'ono, kuima. Kuyenda pang'ono, kuima. Kenako anazimitsa injini. Ndinayang'ana ng'ombe ina kuseri kwa waya, inadya udzu, inagona, inadzukanso, ife tili pomwepo. Basi ya ku Glasgow imene inkayenera kutitenga ku Belfast inali ndi nthawi yake, ndipo a Jenala ankangoyatsa foni n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa. Anaimba kuchipatala. Ndinamva akuti "yes, yes, we are on the road," kenako anamvetsera nthawi yaitali n'kudula.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akukudikira."

"Alamu, akuti chiyani?"

"Thupi latentha. Dokotala wabweranso, Wyson wamukananso."

Ndinafuna kutsika ndiyambe kuyenda wapansi. Chitseko cha basi za kuno sichitseguka ndi manja.

Tinafika ku Belfast basi yathu itapita kalekale. Pawindo anati ina inyamuka masana, tidikire. Tinakhala pamipando yachitsulo yozizira. Ndinapita kukagula tiyi, mtsikana wogulitsa anakankha ndalama zanga n'kunena kuti kuno si ma euro, ndinabwerera chimanjamanja anthu a pamzere akundiyang'ana. A Jenala anakalipira ndi khadi, akung'ung'udza kuti dziko limodzi ndalama ziwiri ngati mitala.

"Odi ba mayo," anatero bambo wina amene anakhala kumbuyo kwathu, wa jekete lalikulu, akudya buledi. "Namvela chitundu chathu. Ndimwe aku Malawi?"

"Eya. Inu?"

"Daka. Waku Chipata, koma ninkhala ku Clondalkin."

"Ndiye ndinu akwathu komwe," anatero a Jenala. "Munangosochera malire."

"Awe, imwe ndiye munasochera. Chinyanja cha original chinasala kwathu."

"Cha original chomwe mukuti ninkhala ninkhalacho?"

Anaseka onse awiri, ine ndinalephera. A Daka anatifunsa kopita. A Jenala atatchula Aberdeen ndi sitima ya fracking, bambo aja anaika buledi pansi. Anati nawonso akupita komweko, amagwira pamtunda, pamalo pamene amayeza mapaipi ndi mapampu a sitima zimenezo.

"Ni amuna anu? Za ngozi tinamvela pa group." Anandiyang'ana, kenako anayang'ana Tamanda. "Pepani maningi."

"Zinachitika bwanji? Ine sanandiuze bwinobwino."

Anazengereza. "Pamene bapompa, bapenta mzere wofiira pansi, palibe wololedwa kulowamo. Manje chitsime chija ni chakale, mwala wake ni wokosa, wolimba zedi. Pressure inakwera, polumikiza pamodzi panamasuka. Paipi ya nsimbi ikamasuka ili na pressure, siigwa chabe pansi, ba mayo. Imakwapula. Amuna anu benze kunja kwa mzere. Inawapeza konko."

"Ndiye analakwa ndani?" anafunsa a Jenala.

"Bazafufuza."

"Kupopako asiya?"

"Baimika pang'ono. Bazayambanso. Winter ili pafupi, gasi ifunika."

Ndinali ndikufufuza kansalu ka Tamanda m'kachikwama, mapasipoti anatuluka n'kugwera pampando. Awiri ofiira ndi yanga. Ndinaona maso a a Daka akuima pa yangayo.

"Muli na visa?"

"Kuno safunsa," anayankha a Jenala msangamsanga.

"Masiku ena safunsa," anatero a Daka, n'kutembenukira kuwindo. Buledi uja sanamutolenso.

Ndinawayang'ana a Jenala, iwo akuyang'ana tiyi. Basi yobwerera ku Dublin inali poteropo, chitseko chili chotsegula. Koma ndikanabwerera n'kukawauza chiyani bambo a Tamanda, kuti ndinaopa funso limene sanandifunse n'komwe?

Padoko la Belfast anangoona matikiti. Ndinadutsa ndagwira mpweya, palibe anandiitana. A Jenala ananditsina pamkono, akumwetulira.

Sitima ndinali ndisanakwerepo chibadwire. Mkati muli ngati Blanchardstown yonse aiika pamadzi, mashopu, malo odyera, ana akuthamanga. Itangotuluka padoko pansi panayamba kupendama, tiyi uja anabwerera. A Daka anamunyamula Tamanda n'kumamuyendetsa uku ndi uku, akumuimbira za kwawo, ine mutu uli m'kathumba ka pepala. Pamene ndinadzutsa mutu ndinaona pawindo madzi otuwa, opanda mapeto, akudzuka ndi kugwa. Ndiye kuti amuna anga amagona pa zimenezi, amadya pa zimenezi, amagwira zitsulo pa zimenezi, n'kumabwera kunyumba kudzandiuza kuti ntchito ili bwinobwino.

Mtunda utayamba kuoneka, a Jenala anabwera kuchokera kumene anakaimbira foni. Ulendo uno sanabise. Anati Wyson akunjenjemera, nthawi zina akuyankhula zosamveka, dokotala wati madzulo ano asapitirire. Ndinafunsa kuti Aberdeen ndi pafupi bwanji tikatsika. A Daka anati Glasgow kaye, kenako basi ina, tikafika kutada.

Cairnryan, pamene sitima inakocheza, si tauni. Phiri, nkhosa, mathiraki ndi chinyumba chimodzi chachitali chimene okwera basi amadutsamo. Tinayenda pamzere, ine Tamanda ali kumsana, chikwama ndikukoka. Pakhonde panaima anthu awiri ovala yunifolomu yakuda, mwamuna ndi mkazi. Ndinawaona ndili kutali, ndinaona mmene ankasankhira ndi maso, ndinayesa kubisala kumbuyo kwa bambo wina wamtali, beseni linagunda chitsulo cha pakhoma n'kulira. Mkaziyo anatikodola.

A Daka, yofiira, dutsani. A Jenala, yofiira. Tamanda, yofiira, mpaka anamumwetulira. Yanga anaitsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Ndinamupatsa kakhadi kanga ndi manja awiri. Anakatembenuza.

"Visa?"

A Jenala anayamba Chizungu chimene sindinawamvepo akuyankhula, chothamanga, chokwera, akutulutsa foni, akuonetsa chithunzi cha Wyson ali pabedi, akutchula hospital, leg, husband, baby. Mkazi uja anamvetsera zonse osawadula. Nkhope yake sinali yoipa. Anati ali ndi chisoni, n'kutilozera kachipinda.

Munali tebulo, mipando ndi hita. Anatsegula chikwama. Anatulutsa beseni, zitenje, supuni, n'kuzindandalika patebulo. Ufa anaununkhiza, a Jenala anati porridge, anaubwezera. Anandijambula, analemba, anaimba foni kwa akuluakulu awo, anadikira, anaimbanso. Ine ndinkangoyang'ana dzanja lake pa pasipoti yanga. Kenako anayankhula pang'onopang'ono kuti ndimve ndekha. Kakhadi kanga n'ka Ireland, kuno sikagwira. Ndibwerera pa sitima yomweyo. Ndikapemphe viza ku Dublin, ndikanene kuti ndi zamwadzidzidzi. Mwana ndi azakhali ake akhoza kupitirira.

Ndinagwada. Sindinaganize, mawondo anangopita okha pansi. Anandigwira m'mapewa n'kundidzutsa, akuti please, please, n'kundikhazika pampando.

A Daka anasuzumira pakhomo akupuma mwawefuwefu. "Ba sister, driver nam'papata kuti adikire, akuti five minutes chabe. Nayesa."

A Jenala anandiyang'ana. "Ndakulakwira, mlamu."

"Pitani."

"Ndimutenge Tamanda. Akamuona mwana afewa mtima."

"Botolo salidziwa uyu. Akalira njala usiku mumupatsa chiyani? Pitani, alamu, basi ikusiyani."

Ndinabwezera zonse m'chikwama n'kuwapatsa. Ndinawauza kuti phala likhale lamadzimadzi, madzi osamba akhale ofunda, ayambe kumsana, ndipo akamawatembenuza aziwauza kaye, sakonda kudzidzimutsidwa. Anati ndamva, ndamva, akulira, a Daka anasenza chikwama, chitseko chinatsekeka. Pawindo ndinaiona basi ikukwera kamtunda n'kukhota.

Ndinatsala ndi mkazi uja. Anandibweretsera madzi m'kapu ya pepala. Kenako analoza foni yanga n'kufunsa nambala ya chipatala, anaimba yekha, anayankhula ndi nesi, ndipo posakhalitsa foni yanga inalira ya vidiyo.

Nkhope ya bambo a Tamanda inali yotuwa, milomo yosweka, tsitsi lanyowa.

"Wafika?"

"Ndili ku Scotland."

"Ndiye lowa. Wauze akulowetse."

"Bambo a Tamanda, andikaniza padoko. Akundibweza. Achemwali anu ali m'njira."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti akomoka.

"Ndidikira," anatero. "Ukatenge pepalalo. Ndidikira."

"Muuzeni nesi andionetse mwendowo."

"Pafoni ayi."

"Munati ndiuone ndi maso anga. Maso anga ndi omwewa. Muuzeni."

Anayankhula ndi nesi. Chithunzi chinagwedezeka, denga, khoma, kenako nsalu yoyera ikuvundukulidwa. Sindilemba zonse zimene ndinaona. Zala zinali zakuda ngati makala, ndipo pamwamba pa bandeji kufiira kunali kutayamba kale ulendo wa kubondo. Phazi limeneli ndinkalidziwa, ndinkaliwenga zikhadabo Lamlungu madzulo. Silinalinso lawo.

"Ndauona," ndinatero foni itabwerera kunkhope.

"Ndiye?"

"Adule."

"Ene."

"Adule lero. Mukadikira ine, ndidzapeza bedi."

Tamanda anayamba kuvutavuta kumsana, ndinamutembenuza kuti amuone. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Udzandifunabe, wa mwendo umodzi?"

"Ine ndinakwatiwa ndi phazi?"

Anayesa kuseka, chinatuluka chifuwa. "Wauze wekha. Ine andimva kukana kokhakokha."

Nesi anaweramira pafoni, mtsikana wamng'ono wa tsitsi lofiira. Chizungu chonse chinandithawa. Ndinayang'ana mkazi wa yunifolomu uja, anali atatembenukira kukhoma.

"I am the wife," ndinatero. "Cut. Please. Cut."

Nesi anagwedeza mutu n'kunena kuti wovomereza ndi mwini wake. Ndinamva amuna anga akuti yes, mawu ang'onoang'ono, kenako yes kachiwiri. Anthu anayamba kulowa m'chipindamo, wina anakoka katani, foni inaduka.

Mkazi wa yunifolomu uja anandiperekeza mpaka pakhomo la sitima, n'kundibwezera pasipoti pamenepo. Ndinakhala pampando wa pawindo, wopanda chikwama, manja osadziwa chogwira. Wosesa ankatola makapu amene anthu a ulendo wathu uja anasiya.

Bambo a Tamanda anadzuka, inde. Lero akuphunzira kuyenda ndi ndodo m'khonde mwathu, Tamanda akukwawa pambuyo pawo, ndipo za tsiku limenelo sitikambirana. Koma ola limene ankawakankha pabedi kupita nawo, a Jenala anali m'basi asanafike n'komwe ku Glasgow, ine ndinali pamadzi, nkhope yaloza ku Belfast. Kuthiyeta analowa okha.